Mwapatsidwa Ola Limodzi ndi Maikolofoni: Mawu kwa Achinyamata Okonda Anime

Anthu amene adzalowe m'chipinda chanu tsiku limenelo adzakhala atasiya zina kuti abwere kwa inu. Pa ola lomwelo m'holo yaikulu mudzakhala muli mpikisano wa cosplay, kwinakwake munthu wotchuka amene amalankhula mawu a Goku kapena Luffy adzakhala akusayinira anthu zithunzi, ndipo ku matebulo a ojambula katundu wabwino adzakhala akutha. Tikiti agula ndi ndalama zawo, ena ayenda ulendo wautali, ena avala wigi yotentha kuyambira m'mamawa. Choncho uthenga ukadzafika woti pempho lanu lochititsa panel pa msonkhano wa anime alivomera, kondwerani tsiku limodzi, muwauze anzanu pa WhatsApp, koma kukacha mudziwe kuti mwakongola ola la anthu ena ndipo muyenera kulibweza ndi kanthu.

Mwambo woti okonda anime eniake aziima kutsogolo n'kuyendetsa zokambirana unakula kwambiri ku America, kumene anautengera ku misonkhano ya okonda nkhani zopeka za sayansi. Anime Expo, imene masiku ano imachitikira ku Los Angeles kumayambiriro kwa Julayi, inayamba mu 1992. Otakon inayamba mu 1994, ndipo kuchokera mu 2017 imachitikira ku Washington. Ku Japan kwenikweniko msonkhano waukulu wa okonda zinthuzi, Comiket, umene unayamba mu 1975, ndi msika: anthu amapita ku Tokyo Big Sight kukagulitsa ndi kukagula timabuku tojambula okha. Kwa ife a kuno limodzi mwa makomo apafupi ndi Comic Con Africa, imene inayamba mu 2018 ku Kyalami, Johannesburg, ndipo ana athu amene ali ku Britain amaidziwa MCM Comic Con ya ku ExCeL London. Kulikonse kumene kuli mapanel, kagawidwe ka malo n'kofanana. Makampani amatenga holo yaikulu chifukwa ali ndi zolengeza komanso alendo odziwika. Inu adzakupatsani kachipinda ka m'mbali, tebulo loyalidwa nsalu, mamaikolofoni awiri kapena atatu, pulojekita, ndi mphindi zapakati pa 45 ndi 60. Mulibe mlendo wochokera ku Tokyo, mulibe filimu yatsopano yoti anthu aione koyamba. Chimene muli nacho ndi ganizo lanu basi, ndiye likhale ganizo ndithu.

Ambiri amagwera pomwepa. Munthu amalemba pa fomu kuti mutu wake ndi "One Piece". Limenelo ndi dzina la anime chabe. Eiichiro Oda anayamba kujambula manga imeneyi mu 1997, anime yake inayamba mu 1999, ndipo inafika gawo la 1,000 mu 2021. Mudzanenapo chiyani m'mphindi 50? Mudzayamba kufotokoza nkhani kuchokera pachiyambi kwa anthu amene akuidziwa kuposa inu, kenako muzidumphadumpha kutola zokoma, ndipo akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mutu weniweni ndi umene munthu wina wanzeru zake angathe kuukana. Tengani Fullmetal Alchemist ya Hiromu Arakawa, imene situdiyo imodzi, Bones, inaipanga anime kawiri. Ya 2003, ya magawo 51, inapangidwa manga isanathe, ndiye olemba ake anapatuka n'kupeka mathero awoawo. Brotherhood ya 2009, ya magawo 64, inatsata manga mpaka kumapeto, ndipo anthu ambiri amati yabwino ndi imeneyi. Ngati inu mukukhulupirira kuti ya 2003 ndiyo inamvetsa bwino chisoni cha ana awiri amene anayesa kuukitsa mayi awo, pamenepo panel mwaipeza. Theka la chipinda lidzalowa litakwiya kale, ndipo anthu okwiya mkwiyo wa mtundu umenewu sasinza pampando.

Mukasankha mutu, onereraninso zimene mukufuna kukamba. Zimene munaonera muli Fomu 2 mutu wanu unazikonza kale mwakemwake. Munthu amalumbira kuti wakutiwakuti ananena mawu ena ake, akabwerera pa gawolo n'kupeza kuti sananene. Lembani nambala ya gawo ndi mphindi yake pa chilichonse chimene mudzachigwiritse ntchito ngati umboni.

Kwa inu amene munakula mukumva Chichewa pakhomo, ilipo nkhani imene mungaigwire ndi mtima wina, ndiyo ya Yasuke. Uyu anali munthu wa ku Africa amene anafika ku Japan mu 1579 akutumikira wansembe wa chipani cha maJesuit, Alessandro Valignano wa ku Italy. Mu 1581 anapita naye ku Kyoto, kumene anthu anapanikizana kufuna kumuona, ndipo Oda Nobunaga, amene panthawiyo anali wamphamvu kuposa olamulira onse a m'dzikomo, anaganiza kuti wadzipaka inki, n'kulamula kuti amusambitse. Khungu litakana kusuluka, Nobunaga anamutenga kuti akhale mmodzi wa anthu ake. Mu Juni 1582 Akechi Mitsuhide anaukira Nobunaga pa kachisi wa Honnō-ji. Nobunaga anafera pomwepo, Yasuke anapulumuka n'kubwezedwa kwa ansembe aja, ndipo zolembedwa za iye zimathera pamenepo. Wansembe wina wa ku France, amene analemba patapita zaka zambiri, m'ma 1620, ananena kuti Yasuke anachokera ku Mozambique, ndipo ambiri amatsata zimenezo ngakhale akatswiri a mbiri sanamange chimodzi. Mu 2021 Netflix inatulutsa anime ya Yasuke ya magawo 6, yotsogoleredwa ndi LeSean Thomas, yojambulidwa ndi situdiyo ya MAPPA, ndipo anaikamo maloboti ndi matsenga.

Nkhani yotereyi imadziyala yokha. Pali zimene analemba anthu amene anamuona, zomwe n'zochepa moti zingakwane pa masilaidi atatu. Pali zimene a pambuyo pake anawonjezera, palinso zimene opanga anime anapeka. Ndiye pali funso loti muliponye kwa anthu: munthu amene mbiri inangomusungira zaka zitatu zokha, kodi maloboti aja akumulemekeza kapena akumukwirira kachiwiri? Koma mukasankha mutu umenewu mudziwe kuti mwaponda pamoto. Kuyambira pamene kampani ya Ubisoft inalengeza mu 2024 kuti Yasuke akhala m'gemu ya Assassin's Creed Shadows, mkangano woti kodi anali samurai kapena ayi unafika poipa pa intaneti, ndipo ena mwa okanganawo chikuwavuta ndi khungu lake, mbiri angobisalirako. M'chipinda chanu adzalowamo mmodzi kapena awiri otero. Chodzakutetezani n'kulekanitsa poyera zimene zikudziwika ndi zimene mukuganiza inuyo. Musamukulitse Yasuke chifukwa mukumuona ngati wakwathu, musamupatse mtundu kapena mudzi umene zolembedwa sizinamupatse. Mukangowonjezera kamodzi, wokutsutsani wapeza pogwira, ndipo zoona zonse zimene mwanena zipita limodzi ndi bodza limodzilo.

Fomu yofunsira panel kawirikawiri imatsekedwa kudakali miyezi, ndiye tsiku lake mulidziwe msanga. Mizere iwiri kapena itatu imene mudzalembe pofotokoza panel yanu ndi imene idzalowe m'ndandanda wa msonkhano, ndipo anthu adzasankha kubwera kapena kusabwera poiwerenga ali chiimire m'khonde. Nenani zoona. Ngati ndi zokambirana zozama, musalonjeze nthabwala. Ngati mudzaonetsa magazi kapena za akuluakulu, lembani kuti ndi ya anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Okonza misonkhano amakonda kuika zoterezi usiku ndipo amaona ziphaso pakhomo. Kubisa zimenezi kuti mupeze nthawi ya masana ndi njira yachidule yoti asadzakuvomereninso.

Anzanu okhala nawo patebulo, atatu akwanira, anayi ndiye malire. Musawasankhe chifukwa choti mumagwirizana pa chilichonse. Anthu atatu ovomerezana nkhani amaitha m'mphindi 10, kenako amayamba nthabwala za m'gulu lawo la WhatsApp zimene wina aliyense m'chipindamo sakuzidziwa, ndipo palibe chotulutsa anthu msanga kuposa kuonerera ena akusangalala okhaokha. Pezani wina amene amawerenga manga koma anime saikonda, wina amene wayamba kuonera posachedwapa, wina wa msinkhu umene unakula ndi Dragon Ball Z pa TV. Ndipo ngati mukukamba za Sailor Moon kapena za mmene atsikana amajambulidwira mu shonen, tebulo la anyamata okhaokha ndi zamanyazi. Kumanani msonkhano usanafike, muyeserere wotchi ili patebulo, aliyense adziwe funso loyamba limene adzafunsidwe. Mayankho okha asaloweze.

Ngati woyendetsa ndinu, phunzirani kwa amfumu pa bwalo la milandu. Iwo sayamba n'kunena maganizo awo. Amapatsa mpata mbali iyi, n'kupatsa inayo, amamudula amene wayamba kubwerezabwereza, amakumbukira kuti mayi uja wakhala chete chiyambire, ndipo mawu awo amabwera kumapeto ali ochepa. Pa tebulo lililonse pamakhala wolongolola mmodzi ndi wamanyazi mmodzi. Wolongololayo musamudikire kuti apume, sapuma ameneyo. Lowani pamene wamaliza chiganizo, mumuthokoze, mutchule dzina la wamanyazi uja n'kumufunsa cholunjika. Funso loti "nanga inu mukuti bwanji?" adzaliyankha kuti akugwirizana ndi anzake. Koma mukati, "munandiuza kuti gawo lomaliza munalizimitsa lili pakati, chinakukwiyitsani n'chiyani?", mudzadabwa kuti munthu uja ali ndi zambiri kuposa onse.

Za zipangizo ndinena mwachidule, chifukwa n'zosavuta, kungoti anthu amazinyozera. Intaneti ya m'holo mmene muli anthu masauzande musaidalire. Kanema aliyense akhale kale mu laputopu, wina pa fulashi. Tengani chingwe chanu cha HDMI, kolumikizira ngati laputopu yanu ili ndi USB-C yokha, ndi chaja. Yesani mawu, chifukwa nthawi zambiri chithunzi chimatuluka pa sikirini koma mawu n'kutsalira mu laputopu. Zimitsani mauthenga otulukira okha, pokhapokha ngati mukufuna chipinda chonse chiwerenge za ndalama zimene achemwali anu akukukumbutsani. Kachidutswa ka kanema kasapitirire mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo mufunsiretu malamulo a msonkhanowo pa zoonetsa makanema a eni ake. Pa masilaidi muchuluke zithunzi, mawu achepe. Chithunzi chikakhala cha wojambula wamba, lembani dzina lake m'munsi; mwina ali m'holo yomweyo akugulitsa.

Tsikulo fikani msanga, muime pakhomo pamene panel ya anzanu ikutha. Mudzaona mmene chipinda chimadzazira. Olimba mtima amakhala kutsogolo, ongofuna popumitsira miyendo amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo pakatikati pamakhala mnyamata wovala ngati Guts wa mu Berserk, chilupanga chake cha makatoni atachiimika pakati pa miyendo, chikutchinga sikirini kwa anthu a mizere itatu. Muyambe mwamuyamikira, chifukwa chinamutengera miyezi kupanga, kenako mumupemphe achigoneke pansi kapena asendere kumphepete. Maikolofoni muigwire pafupi ndi pakamwa, ndipo mukatembenuka kuyang'ana sikirini itembenukire limodzi nanu. Afunseni a kumbuyo ngati akumva. Dzina lanu ndi chimene mwabwerera zikwane m'chiganizo chimodzi. Musayambe n'kupepesa kuti simunakonzeke bwino, kuti mwatopa, kuti n'koyamba. Anthuwo sanadziwe zimenezo, ndipo mukawauza ayamba kufunafuna umboni wake.

Chiganizo chachiwiri chikhale cha malire a zoulula. Manga ya Attack on Titan ya Hajime Isayama inatha mu Epulo 2021, pamene anime yake inadzatha mu Novembala 2023. Kwa zaka ziwiri ndi theka, chipinda chilichonse chokamba za nkhaniyi chinali ndi anthu odziwa mathero atakhala moyandikana ndi osadziwa, ndipo zoterezi sizidzatha chifukwa anime zambiri zotchuka zimatsalira m'mbuyo mwa manga zake. Nenani momveka kuti tikamba mpaka sizoni yakuti, kupitirira apo ayi. Kapena kuti tiulula zonse, amene sakufuna atuluke pano, palibe manyazi. Mukatero dikirani pang'ono atulukedi. Lamuloli muwakumbutsenso ofunsa mafunso, chifukwa oulula kwambiri ndi iwowo.

Nthawi ya mafunso ndiyo imaonetsa ngati chipindacho mukuchiyendetsa kapena mwangogwirizira maikolofoni. Isiyireni mphindi 10 mpaka 15, ndipo muwauze anthu kuti funso likhale limodzi, lalifupi. Sadzamvera onse. Adzaimirira wina, kawirikawiri bambo wachikulire ndithu, n'kuyamba ndi mawu oti lake si funso kwenikweni koma ndemanga, kenako azifotokoza mmene ankaonera Akira pa tepi ya VHS inu musanabadwe. Ngati mwatsika kukamupatsa maikolofoni, musaisiye m'manja mwake. Igwireni inu, iye azingolankhuliramo. Akakoka mpweya wachiwiri, mufunseni mwaulemu kuti, "Pepani bambo, funso lanu ndi loti chiyani?" Likasowa, mumuthokoze, mumuuze kuti mucheza panja, muloze dzanja lina. Chipinda chonse chidzakhala kumbali yanu ngakhale palibe adzanene. Funso lililonse mulibwereze pa maikolofoni musanayankhe, kuti a kumbuyo amve, komanso kuti inu mupeze mpata wolidula zokhotakhota. Maso anu asamangokhala pa mzere woyamba. Mwana akakweza dzanja mpatseni. Ana amafunsa zimene akuluakulu amachita nazo manyazi.

Wina adzakukonzani. Mwina mudzati 1994 pamene Neon Genesis Evangelion inayamba mu 1995. Ngati akunena zoona, vomerani pomwepo, muthokoze, mupitirize. Funso likakukanikani, nenani kuti simukudziwa n'kufunsa ngati alipo wodziwa. M'chipinda cha okonda anime sasowa. Kupeka yankho pamaso pa anthu amene aliyense ali ndi foni m'manja n'kudzigwetsa nokha.

Mikangano ina ilibe mathero, ndipo muyenera kuizindikira ikangoyamba kufuka. Wakale kwambiri ndi wa sub ndi dub, woti kodi anime ionedwe m'Chijapanizi mawu akulembedwa m'munsi, kapena ndi mawu a Chingerezi. Odana ndi dub ali ndi zifukwa zawo. Kampani ya 4Kids itatenga One Piece mu 2004 inasandutsa ndudu ya Sanji kukhala switi wa pakamtengo, ndipo dub yakale ya Sailor Moon inasandutsa Haruka ndi Michiru, amene ndi zibwenzi, kukhala pachisuweni, zimene kwathu kuno, kumene msuweni timamunena mkazi kapena mwamuna wathu mwanthabwala, sizikanabisa kanthu. Koma zimenezo ndi zakale, ndipo alipo anthu amene sangathe kutsata mawu othamanga pa sikirini, kaya chifukwa cha maso, kaya chifukwa Chingerezi chowerenga chimawavuta kuposa chomva. Ine ndimaonera sub, koma munthu wonyoza mnzake pa chifukwa chimenechi sindimupatsa mpata wachiwiri wolankhula. N'chimodzimodzi amene amauza mtsikana wovala ngati Mikasa wa mu Attack on Titan kuti atchule mayina khumi a anthu a m'nkhaniyo kuti atsimikize kuti amaikondadi. Ameneyo mumudule pomwepo, poyera, chifukwa mtsikanayo ndi ena onse akuyang'ana kuti aone ngati chipindachi chili ndi mwini. Zikafika pa kutukwana kapena kuopseza, musalimbane naye nokha. Itanani ogwira ntchito pa msonkhanowo, imeneyo ndi ntchito yawo, ndipo n'chifukwa chake muyenera kumudziwa woyang'anira chipinda chanu musanayambe.

Mwina adzabwera anthu 6 m'chipinda cha mipando 100. Zimachitika, makamaka akakuikani Lamlungu m'mawa kapena nthawi imodzi ndi mlendo wamkulu. Musadandaule za amene sanabwere pamaso pa amene abwera. Tsikani patebulo, aitaneni asendere kutsogolo, mukoke mipando mozungulira, mufunse aliyense chimene chamubweretsa. Masilaidi ena muwadumphe ngati nkhani yapita kwina. Mwa zokambirana zimene ndimazikumbukirabe, zambiri zinali zoterezi.

Ndipo malizani nthawi isanakwane. Ngati ndandanda ikuti muthe 3 koloko, funso lomaliza likhale litayankhidwa pofika 2:55. Kunja kwa chitseko kuli mnzanu wanyamula laputopu, mtima uli m'mwamba, ndipo mphindi iliyonse imene mwadya ndi yake. Wogwira ntchito mongodzipereka amene akukukwezerani kachikwangwani koti kwatsala mphindi 5 salandira malipiro oti azikuchondererani. Silaidi yomaliza ikhale ndi mayina a anime ndi manga zimene mwatchula kuti anthu ajambule ndi foni. Zulani chingwe chanu, tolani mabotolo a madzi, amene akufuna kupitiriza mkangano wa Yasuke mupite nawo kukhonde. Ngati msonkhanowo uli ndi fomu ya ndemanga, pemphani kuti muone zimene anthu alemba, muziwerenge zonse ndi zowawa zomwe, musanatumize pempho la chaka chamawa.